Khadi la graphics likutentha: mugule cooler ina, musinthe mafani, kapena mungolitsuka?

Okutobala akafika, makompyuta a ku Mulanje ndi ku Thyolo amayamba kulira. Amene amakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe pa Chitakale, eni malo osewerera magemu pa Luchenza ndi pa Limbuli, ophunzira a ku MUST amene amagona mochedwa ndi Blender kapena AutoCAD, onse amamva phokoso limodzimodzi: mafani a khadi la graphics, chida chomwe chimapanga zithunzi za pa sikirini, akuzungulira mpaka pamapeto, ntchito ikuyenda mwaulesi, nthawi zina sikirini n'kungoda. Mukafunsa anzanu, yankho lachangu limakhala lakuti gulani cooler ina, kutanthauza chida china choziziritsira khadilo. Si yankho lolakwika nthawi zonse, koma njira zoziziritsira khadi zilipo zingapo, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Ine maganizo anga ndinene poyambirira pomwe: kwa ambiri a ife kuno, cooler yathunthu yogula padera ndi njira yomaliza, ndipo chipangizo chomwe mungathe kuchikonza nokha kapena pa Limbe chimaposa china chozizira kwambiri chomwe chikawonongeka muyenera kudikira miyezi kuti sipeya achoke kunja.

Zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Yambani n'kudziwa chomwe chikutentha. Ikani GPU-Z kapena HWiNFO64, mapulogalamu aulere, kenako yendetsani gemu kapena render kwa mphindi 15 kapena 20 mukuyang'ana manambala. Makhadi ambiri amaonetsa kutentha kwa chip yonse, yomwe ndi ubongo wa khadilo, ndi kwa hotspot, omwe ndi malo otentha kwambiri pa chip yomweyo, ndipo ena amaonetsanso kutentha kwa memory. Kusiyana kwa manambala awiri oyambawo kumaulula zambiri. Madigiri 10 mpaka 15 ndi zachizolowezi. Kukapitirira 20 kapena 25, nthawi zambiri vuto si kuchepa kwa cooler ayi: paste, phala lopakidwa pakati pa chip ndi cooler kuti kutentha kudutse, yauma, kapena cooler sinakhale bwino pa chip.

Dziwaninso malire a khadi lanu. Makhadi a Nvidia a gulu la GTX 10 amayamba kudzichepetsera liwiro kwambiri akafika pa madigiri 83 kapena 84. AMD imalola hotspot ya RX 5000 ndi RX 6000 kufika pa 110, ndipo memory ya GDDR6X ya pa RTX 3080 ndi 3090 nayo imadziteteza pa 110. Ndiye kuti khadi lomwe likusewera pa madigiri 72 silikudwala, ngakhale dzanja lanu likupsa mukaligwira. Mafani osazungulira pamene kompyuta sikugwira ntchito yolemera nawonso asakuopseni, makhadi ambiri amawazimitsa dala kutentha kukakhala pansi pa madigiri 50 kapena 60.

Pali kuyesa kwina kosafuna ngakhale tambala. Chotsani chitseko cha pambali cha kesi, yendetsaninso gemu yomwe ija. Kutentha kukatsika ndi madigiri asanu kapena kuposerapo, khadi lilibe mlandu, kesi ndi yomwe sikulowetsa mpweya. Makesi ambiri otchipa ali ndi galasi kutsogolo ndi timagetsi tokongola koma palibe polowera mphepo, ndipo makompyuta a muofesi a Dell kapena HP omwe anthu amaikamo khadi amakhala ndi fani imodzi yokha kumbuyo. Mukaika cooler ya madola 100 mu kesi yotere, idzangozungulitsa mpweya wotentha womwewo.

Chachiwiri ndi mawati. GTX 1650 imadya pafupifupi mawati 75, GTX 1060 imadya 120, RX 570 ndi GTX 1070 zili pa 150, RTX 3060 ili pa 170, RX 580 pa 185, GTX 1080 Ti pa 250, RTX 3080 pa 320. Magetsi onsewo amasanduka kutentha komwe kuyenera kutuluka. Khadi la pansi pa mawati 150 silifuna zodabwitsa. Nkhani ya cooler yaikulu imayamba kumveka kuyambira pa 180 kupita m'mwamba.

Chachitatu ndi chipinda. Cooler iliyonse, ya mpweya kapena ya madzi, imangonyamula kutentha n'kukakutaya mu mpweya wa m'chipinda, singaziziritse khadi kuposa mpweyawo. Shopu ya malata yopanda siling'i pa Muloza mu Novembala ndi nyumba ya pa Bvumbwe m'nyengo ya chiperoni zikhoza kusiyanitsa manambala a khadi limodzimodzi ndi madigiri oposa 10. Yezani masana a tsiku lotentha, osati m'mawa wa Juni. Chiperoni chomwecho chili ndi vuto lake: fumbi la m'chilimwe likakumana ndi chinyezi limamata pakati pa timasamba ta heatsink, chitsulo cha cooler chomwe chimayamwa kutentha, ngati nkhoko za nsima pansi pa poto, ndipo kupemerera kokha sikulichotsa.

Chachinayi ndi malo. Yezani kutalika kwa mkati mwa kesi, werengani ma slot (mipata yolowetsamo makhadi) opanda kanthu pansi pa khadi, ndipo yezani mtunda wa pakati pa mabowo anayi ozungulira chip. Pa GTX 1070 ndi 1080 umakhala mamilimita 58.4, pa RX 480 ndi 580 umakhala 53.2. Cooler yosagwirizana ndi mabowo amenewa ndi chitsulo chabe.

Njira iliyonse tiiona pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwake, kasamalidwe ndi zoopsa. Mitengo ndiitchula m'madola chifukwa pafupifupi zonsezi zimachokera kunja, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa m'makwacha sukhalitsa. Pamwamba pake onjezerani wonyamula katundu, msonkho wa MRA, ndi vuto lopeza madola enieniwo. Muziyerekezanso ndi mtengo wa khadi lomwelo pa msika wa kaunjika. Migodi ya Ethereum, ntchito yopanga ndalama za pa intaneti pogwiritsa ntchito makhadi a graphics usana ndi usiku, itatha mu Seputembala 2022, makhadi ambiri otopa a RX 570 ndi RX 580 anamwazikira m'misika ya dziko lonse. Kuligulira khadi lotere cooler yofika theka la mtengo wake si nzeru.

Njira yoyamba: kutsuka, paste ndi ma pad atsopano

Pano cooler ndi yomwe ija, mukungoibwezeretsa mmene inalili. Mumamasula ma screw anayi a kumbuyo kwa chip ndi ena ochepa, mumazula mawaya a mafani mosamala, mumatsuka heatsink, mumapukuta paste yakale n'kuika ina. Pa khadi la zaka zinayi kapena zisanu lomwe silinatsegulidwepo, ntchito imeneyi yokha imatha kutsitsa kutentha kuposa china chilichonse chomwe mungagule ndi ndalama zofanana.

*Mtengo.* Chubu cha magalamu 4 cha Arctic MX-4 sichifika madola 10, ndipo chimakwana makhadi angapo. Kachidutswa ka Honeywell PTM7950, komwe kamaikidwa pa chip m'malo mwa paste, kali pafupi ndi mtengo womwewo. Ma pad, timaphira tofewa todutsitsa kutentha kuchoka pa memory ndi pa VRM (tizida towongolera magetsi a chip) kupita ku cooler, amagulitsidwa pa pepala, ndipo khadi limodzi likhoza kufuna makulidwe awiri kapena atatu.

*Kupezeka kwake.* Paste imapezeka m'mashopu a makompyuta ku Limbe ndi ku Blantyre, koma yambiri ndi ija yoyera ya m'timajekeseni topanda dzina. Imeneyo imagwira pa purosesa ya kompyuta ya muofesi, koma pa chip ya khadi imauma msanga. Ma pad a makulidwe oyenera ndi PTM7950 nthawi zambiri mpaka kuitanitsa, ndipo PTM7950 yachinyengo ndi yambiri pa intaneti.

*Kasamalidwe.* Chip ya khadi ilibe chivundikiro chachitsulo chomwe purosesa imakhala nacho, ndipo ikamatentha n'kuzizira, paste yofewa imakankhidwira m'mbali pang'onopang'ono. Kuno komwe magetsi amathimathima, kompyuta imazima n'kuyakanso kangapo pa tsiku, choncho zimenezi zimafulumira. Paste yolimbako imakhalitsa. PTM7950 ndiye yabwino kwambiri pa vuto limeneli: ndi kapepala kouma komwe kamasungunuka pa madigiri pafupifupi 45 n'kudzaza timipata tonse, kakazizira n'kuumanso, ndipo sikathawa pa chip. Kaikeni mu firiji kwa kanthawi musanakadule, apo ayi kamang'ambika m'manja. Fumbi lichotseni kawiri pa chaka, pakutha pa chilimwe ndi pakutha pa dzinja.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi makulidwe a ma pad. Amabwera a mamilimita 0.5, 1, 1.5, 2 ndi kuposerapo. Mukaika okhuthala kwambiri, amanyamula cooler kuti isakhudze chip bwino, ndipo khadi limatentha kuposa kale. Mukaika opyapyala, memory sikhudzidwa n'komwe. Ngati ma pad akale sanang'ambike ndipo akadali ofewa, asiyeni. Pomanga, zungulirani ma screw anayi aja modutsanitsa, pang'onopang'ono, kuti kona ya chip isasweke. Popukuta, isopropyl ndiye woyenera. Spiriti wa ku famase amathandiza ngati palibe china, bola aumiretu musanayatse. Musapite ndi khadi kwa okonza matayala kuti akalipemerere ndi kompuresa, mphepo yake imatuluka ndi madzi ndi mafuta. Burashi yopentera yofewa ndi blower ya ku saluni yoikidwa pa mphepo yozizira zimakwana, mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire. Za liquid metal, chitsulo chamadzimadzi chomwe ena amaika m'malo mwa paste, iwalani, imadutsa magetsi ndipo imadya aluminiyamu.

Pamodzi ndi njira imeneyi pali china chaulere chomwe aliyense ayenera kuyesa: undervolt, kutsitsa ma volt opita ku chip. Makhadi amachoka ku fakitale atapatsidwa ma volt ochulukirapo kuposa omwe akufunika. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner, kudina Ctrl ndi F kumatsegula mzere wa ma volt ndi liwiro, ndipo a AMD ali nazo kale mu pulogalamu yawo ya Adrenalin. Ngati mzerewo ukukuvutani, ingotsitsani power limit kufika pa 80 peresenti. Liwiro lotayika ndi lochepa, kutentha ndi phokoso zimatsika, ndipo kwa amene amayendera inveta ndi mabatire a sola, mawati opulumutsidwawo ndi mphindi zoonjezera za ntchito. Mukapitiriza muyezo, gemu imangotseka, mumabwezera nambala m'mwamba, palibe chopsa.

Njira yachiwiri: kusunga heatsink, kusintha mafani

Heatsink ndi mkuwa ndi aluminiyamu, siifa msanga. Chomwe chimafa ndi mafani. Akayamba kulira ngati akukhula, kugwedera, kapena imodzi ikaima, pali njira ziwiri. Mukhoza kugula mafani ofanana ndi oyambawo, kapena kuchotseratu chipulasitiki chonse cha pamwamba n'kumangirira mafani awiri a kesi, a mamilimita 92 kapena 120, pa heatsink pogwiritsa ntchito ma cable tie. Yachiwiriyi anthu amaitcha deshroud. Siyokongola, ndipo wina akaona angaganize kuti mwasowa ndalama, koma mafani a kesi ndi okhuthala, mamilimita 25, pamene a pa khadi ndi opyapyala. Amakankha mphepo yambiri akuzungulira pang'onopang'ono, ndipo phokoso limatsika kwambiri.

*Mtengo.* Mafani awiri ofanana ndi oyamba nthawi zambiri amakhala pakati pa madola 8 ndi 20 pa AliExpress. Arctic P12 imodzi sifika madola 10. Noctua NF-A12x25 ili pa madola pafupifupi 30, yabwino ndithu, koma kusiyana kwake ndi P12 sikufika pa kusiyana kwa mitengoyo.

*Kupezeka kwake.* Apa ndi pomwe deshroud imapambana njira zina zonse. Fani ya mamilimita 120 imapezeka ku Limbe tsiku lililonse, ngakhale mu kesi yakale yomwe yagona pakona pa shopu. Mafani enieni a khadi ayenera kuitanitsidwa, ndipo musaitanitse ndi dzina la khadi lokha. Masulani fani, werengani nambala ya pa sitika ya kumbuyo kwake, monga T129215SU kapena PLD09210S12HH, yezani m'mimba mwake ndi mtunda wa mabowo ake, onaninso ngati pulagi ndi ya mapini atatu kapena anayi. Eni Sapphire Nitro+ RX 580 ali ndi mwayi, fani iliyonse imachoka ndi screw imodzi osatsegula khadi.

*Kasamalidwe.* Kosavuta kuposa kale, chifukwa heatsink ili poyera. Fani ikafa mumadula ma cable tie n'kuika ina.

*Zoopsa.* Pulagi ya fani ya pa khadi ndi yaing'ono kuposa ya pa motherboard, choncho pamafunika kawaya kolumikizira. Kapena lumikizani mafaniwo ku motherboard n'kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Fan Control kuti azitsatira kutentha kwa khadi. Mukaiwala zimenezi, mafani adzatsatira purosesa, khadi likupsa iwo ali phee. Khadi limakhuthalanso mpaka kudya ma slot atatu kapena anayi. Ndipo njirayi sigwira pa makhadi a blower, aja a fani imodzi kumapeto yomwe imakankha mphepo kudutsa mkati n'kutulukira kumbuyo kwa kesi, chifukwa heatsink yake ndi yaing'ono ndipo inapangidwira mphepo yodutsa cham'litali.

Njira yachitatu: cooler yathunthu ya mpweya

Iyi ndi yomwe ambiri amatanthauza akamati aftermarket, cooler yogula padera. Mayina awiri ndi omwe amamveka. Arctic Accelero Xtreme IV ili ndi mafani atatu a mamilimita 92, ndi yotalika mamilimita 288, ndipo inapangidwira makhadi ofika mawati 300. Raijintek Morpheus II ndi heatsink yokha ya ma heatpipe (timapaipi tamkuwa tonyamula kutentha) 12, yolembedwa mawati 360, mafani awiri a 120 mumagula padera. Pa khadi la blower ngati GTX 1080 Ti Founders Edition, kusintha kwake kumamveka ndi khutu pomwepo, ndipo khadi limasunga liwiro lake lapamwamba nthawi yaitali. Pa khadi lomwe linabwera kale ndi heatsink yabwino ya mafani awiri kapena atatu, phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi deshroud.

*Mtengo.* Zili zatsopano zinkagulidwa pakati pa madola 60 ndi 100. Ndi zolemera komanso bokosi lake ndi lalikulu, choncho wonyamula adzatenga gawo lake lonenepa. Pa Morpheus onjezerani mafani.

*Kupezeka kwake.* Kovuta. Ma cooler amenewa ndi a nthawi ya GTX 900, GTX 10 ndi RX 400 ndi 500, ndipo akusowa ngakhale kunja. Accelero Xtreme IV sinapangidwire gulu la RTX 30 kupita kutsogolo. Mukaipeza ya kaunjika kudzera kwa m'bale wa ku Joni, muuzeni awerenge ma screw, ma spacer ndi timabulaketi tonse asanalipire. Kathumba kamodzi ka tizitsulo kakasowa, palibe hadiweya ya pa Mulanje boma yomwe ingakupezereni.

*Kasamalidwe.* Kutsuka fumbi basi. Palibe pampu, palibe madzi. Morpheus ili ndi ubwino wina wakuti mafani ake ndi wamba, osinthika.

*Zoopsa.* Apa pafunika kufatsa, chifukwa anthu ambiri amaona nambala ya chip yatsika n'kukondwera pamene mbali zina zikupsa mwakachetechete. Cooler ya ku fakitale imakhudza chip, memory ndi VRM nthawi imodzi. VRM ndi tizida tomwe timatsitsa ma volt 12 a ku power supply kufika pa pafupifupi volt imodzi yomwe chip imafuna, ndipo timatentha kwambiri. Cooler yogula padera imakhudza chip yokha. Morpheus imabwera ndi tima heatsink tating'ono tomata pa memory ndi pa VRM, ndipo tepi yake ikamatidwa pamalo a mafuta a ma pad akale, kachitsuloko kamagwa tsiku lina, mwina pa motherboard ikuyaka. Pukutani bwino musanamate. Xtreme IV inasankha njira ina, chitsulo chachikulu cha kumbuyo chomwe chimakoka kutentha kudzera mu bolodi. Sichifuna guluu, koma chimatha kugundana ndi cooler ya purosesa kapena ndi RAM. Makhadi ambiri alibe choyezera kutentha kwa VRM, ndiye simudzaona chenjezo lililonse, mudzangoona sikirini yada.

Kulemera nakonso ndi nkhani. Khadi limawerama n'kukoka slot. Liikireni chochirikizira pansi. Ndipo ngati ntchito yanu ndi yonyamula kompyuta kupita nayo ku zochitika, pa minibasi ya Midima kapena pa kabaza m'misewu ya m'ma esiteti a tiyi, zulani khadi muliike padera ulendo uliwonse. Za waranti sindikuchulutsapo mawu, makhadi ambiri kuno anagulidwa kwa munthu ndipo alibe. Koma ngati lanu ndi latsopano ndipo risiti ilipo, funsani ogulitsa musanamasule screw ya sitika.

Njira yachinayi: madzi otsekeredwa, AIO pa bulaketi

Apa mumatenga cooler ya madzi ya purosesa, ija ya pampu, mapaipi awiri ndi rediyeta zolumikizidwa kale, n'kuimangirira pa khadi ndi bulaketi. Yodziwika ndi NZXT Kraken G12, yomwe imalandira mapampu ozungulira opangidwa ndi Asetek, monga Corsair H55 ndi H75 ndi ma Kraken a X, ndipo ili ndi fani ya mamilimita 92 yopemerera VRM. Palinso ma seti athunthu opangidwira makhadi, monga Alphacool Eiswolf. Pa nambala ya chip, madzi amapambana mpweya, palibe kutsutsa. Kutentha kumatulukiranso kunja kwa kesi kudzera pa rediyeta m'malo mozungulira mkati.

*Mtengo.* G12 inkagulitsidwa madola 30, koma ndi bulaketi chabe. AIO yake ndi madola ena 60 mpaka 150, ndi tima heatsink ta memory pamwamba pake. Eiswolf ndi yodula kuposa pamenepo.

*Kupezeka kwake.* AIO ya purosesa mukhoza kuipeza ku Blantyre kapena kuitanitsa ku Johannesburg, koma si iliyonse yomwe imalowa mu bulaketi. G12 yeniyeniyo ndi ya 2017, makhadi a RTX 30 sali pa mndandanda wake, ndipo nayo ikusowa.

*Kasamalidwe.* Otsatsa amati sifuna chisamaliro, koma zoona zake n'zakuti sikonzeka. Madzi amachepa pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi, pampu imatopa, ndipo patatha zaka zisanu kapena zisanu n'chimodzi mumagula ina. Rediyeta ili ndi timasamba tothinana kwambiri, imatola fumbi msanga. Iyenera kukhala pamwamba kuposa pampu kuti mpweya wotsalira mkati usakhale mu pampu.

*Zoopsa.* Fani ikafa pa cooler ya mpweya, chitsulo chimapitiriza kuyamwa kutentha ndipo mumamva kuti china chalakwika. Pampu ikafa, kutentha kumakwera m'masekondi ochepa, kompyuta n'kuzima, ndipo ntchito yaima mpaka ina ifike. Ngati vidiyo ya ukwati ikufunika Loweruka, ganizirani zimenezo. Kudontha sikuchitika kawirikawiri pa AIO yatsopano, koma ya kaunjika simudziwa zaka zake. Vuto la memory ndi VRM lija lili pano mokulirapo, chifukwa mphepo yodutsa pa bolodi ndi ya kafani kamodzi. Sungani cooler yoyamba ndi ma screw ake mu bokosi, tsiku lina mudzaifuna.

Njira yachisanu: custom loop

Apa mumadzilumikizira nokha mzere wonse wa madzi: block, chitsulo chodutsamo madzi chophimba khadi lonse, ya EK, Alphacool, Bykski kapena Barrow, pampu, thanki, rediyeta, mapaipi ndi ma fitting, zonse zogula padera. Imaziziritsa chip, memory ndi VRM pamodzi, ndipo palibe njira ina yofika pamenepo.

*Mtengo.* Block yokha imayambira pa madola pafupifupi 100, ndipo imagwira pa mtundu umodzi wa bolodi. Zonse pamodzi ndi madola mazana angapo. *Kupezeka kwake.* Kuitanitsa chilichonse, mpaka kamphira kotsekera madzi. *Kasamalidwe.* Kukhetsa ndi kusintha madzi pafupifupi chaka chilichonse, madzi a distilled kapena opangidwira ntchitoyi, osati a pa mpopi ngakhale a m'phiri akhale oyera chotani. *Zoopsa.* Kudontha, ndere m'mapaipi, ndi dzimbiri mukasakaniza mkuwa ndi aluminiyamu mu mzere umodzi wa madzi. Iyi ndi ya munthu amene amakonda ntchito yomangayo payokha. Ndalama zake zikhoza kugula khadi lamphamvu kuposa lomwe mukuliziziritsalo.

Ndani atenge iti

Ngati khadi lanu ndi la pansi pa mawati 150, monga GTX 1650, 1060 kapena 1660, litsukeni, ikani paste yatsopano, onjezerani fani imodzi kutsogolo kwa kesi. Zakwana.

Ngati munagula RX 570 kapena RX 580 ya kaunjika ndipo mukuikayikira kuti inachokera ku migodi, itseguleni musanaidalire. Paste, ma pad ngati aphwanyika, undervolt, ndipo mafani akayamba kulira chitani deshroud. Accelero pa khadi limeneli ndi kutaya ndalama.

Eni malo a magemu omwe ali ndi makompyuta angapo oyaka tsiku lonse, sankhani chomwe chimabwerezeka: chubu chimodzi cha paste yabwino, mafani a 120 osungira, power limit yotsitsidwa pa makina onse, ndi kunyamula makesi kuchoka pansi kuwaika pa tebulo, komwe fumbi la pa simenti, nyerere ndi mphemvu sizifika msanga. Ma cooler a madzi musawayandikire m'chipinda momwe ana amagunda matebulo.

Amene ali ndi khadi la blower la mawati 180 kupita m'mwamba, GTX 1080 kapena 1080 Ti Founders Edition, ndipo phokoso lawatopetsa kapena amajambula mawu m'chipinda chomwecho, ndi omwe cooler yathunthu ya mpweya ikuwayenera. Chimodzimodzinso amene heatsink yawo inaphwanyika koma bolodi ndi lamoyo. Ngati kesi ili ndi ma slot anayi opanda kanthu, ine ndingatenge Morpheus II chifukwa cha mafani ake osinthika. Ngati yapezeka ndi Xtreme IV yokhala ndi zida zake zonse, yezani kaye mpata wa pakati pa khadi ndi cooler ya purosesa.

Pa RTX 3080 kapena 3090, yang'anani nambala ya memory musanayang'ane china. Ikamafika cha m'ma 100, vuto ndi ma pad, ndipo 3090 ili ndi memory inanso kumbuyo kwa bolodi yomwe imathandizidwa ndi fani yopemerera pa backplate, chitsulo chophimba kumbuyoko. Ma pad a makulidwe oyenera mtundu wanu weniweni, PTM7950 pa chip ndi undervolt zimathetsa zambiri. Ma cooler akale aja salowa pa makhadi amenewa.

AIO pa bulaketi ndi ya amene ali nayo kale AIO ya Asetek yosakalamba, khadi la GTX 10 kapena RTX 20 lomwe lili pa mndandanda wa G12, kompyuta yosasuntha pamalo pake, ndi cooler yakale yosungidwa pafupi. Amene amayenda ndi kompyuta kukagwira ntchito ku Thekerani lero, ku Phalombe mawa, akhale pa cooler ya ku fakitale yotsukidwa bwino, atsitse ma volt, ndipo azinyamula khadi m'chikwama chake padera.